Chaka Chimene Ndinkatsegulira Agologolo

Lachisanu, 7 Febuluwale

Lero nditaweruka kusukulu ndinapeza adadi akusankha mbewu patebulo la kukhitchini. Anayala nyuzipepala n'kuika nthanga za maungu mulu wake, nyemba mulu wake, chimanga mulu wake. Dimba alibe, anawalanda mu Okutobala, koma Febuluwale akafika manja awo amangoyamba okha. Ndinawapatsa moni, n'kulowa kuchipinda kukatulutsa kope langa la chaka chatha. Ndimalemba m'Chichewa kuti ngakhale nditaligwetsa kusukulu pasapezeke woliwerenga. Ndaliwerenga lonse. Muli za mvula, za kukwera kwa zinthu, za mayeso a masamu, koma chimene chinachititsa kuti adadi ataye dimba sindinachilembe paliponse. Ndichilemba lero, kuyambira poyamba.

Malichi

Dimba limenelo tinalidikira zaka zinayi. Kuno kudziko la azungu munthu sungotenga khasu n'kulima pamene waona thengo. Umalembetsa dzina, n'kudikira kuti wina atope, asamuke kapena amwalire. Madimbawo ali ku Springburn, kuseri kwa njanji, mkati mwa mpanda wa waya, ndipo mwinidimba aliyense ali ndi kiyi wa pageti. Lathu linali nambala 14.

Linabwera tili pamavuto. Adadi anavulala msana ponyamula agogo ena kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito, ndipo anawachepetsera mashifiti. Gasi anakwera, mafuta ophikira anakwera, ufa umene timakagula kumasitolo a ku Pollokshields tinayamba kuupima ndi kapu. Hita yotenthetsera m'nyumba tinkayatsa ola limodzi patsiku. Kumudzi nako mvula inadula chimanga chisanamasule, ndiye foni ya adadi inkalira Lamlungu lililonse. Lachinayi amami ankabwera ndi jumbo ya zakudya zam'zitini zothandizira ovutika, yochokera ku holo ya tchalitchi china chakutali, kumene kunalibe wowadziwa.

Njala ya kuno sioneka. Umavala yunifolomu yosita, foni uli nayo, koma amami ako akunena kuti adya kale kuntchito, iwe ukudziwa kuti sanadye.

Tsiku limene adadi analandira kiyi anamumanga pachingwe n'kumuvala m'khosi ngati mwana wa pulaimale.

"Mwaonatu," anatero. "Pofika Julaye ndiwo sitigulanso m'nyumba muno."

"Bola msanawo uvomere," anayankha amami.

Epulo

Alimi atsopano anatiitanira m'kanyumba ka matabwa ka komiti kuti atiuze malamulo. Wapampando anali mayi Moira, amene kale anali namwino. Pambali pawo panakhala a Archie, nkhalamba yaifupi imene inagwirapo ntchito yokonza sitima kalekale. Iwowa ndiwo anali oyang'anira zilombo zoononga mbewu. Ine ndinapita nawo chifukwa kalankhulidwe ka a Archie adadi kamawadutsa, ndiye ndinkawanong'oneza m'Chichewa.

A Archie anafotokoza kuti si nyama zonse zimene boma limaziona mofanana. Kanungu ndi wotetezedwa, ukamupeza pansi pa zinyalala umusiye. Njiwa zikamatha masamba, uyambe watchinga ndi ukonde, zina zimabwera pambuyo. Koma gologolo wotuwa alibe nyengo yake, amaphedwa mwezi uliwonse, chaka chonse. Si wakuno, anachita kubwera naye anthu, ndipo kulikonse kumene wafika gologolo wofiira, mwini dziko, amatha.

"Mvetsetsani apa," anatero akugogoda patebulo. "Akangolowa mumsampha, kumutulutsa ndi mlandu. Osati lamulo langa, la boma. Kumumiza m'madzi ndi mlandunso, chifukwa ndi nkhanza. Mungondiimbira ine. Mfuti ya mpweya ndili nayo, chiphaso chake ndili nacho, ntchito yake ndi ya kamphindi."

Adadi ndi munthu wosafuna kuti pamsonkhano pazizire. Amakhulupirira kuti mlendo akaseketsa eni mudzi ndiye kuti walandiridwa.

"Kwathu sitikanakuvutitsani, bambo," anatero. "Gologolo ndi ndiwo. Ngakhale mbewa timazimanga pampani n'kugulitsa pamsewu."

Anthu anaseka. A Archie anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti kudya si mlandu, bola waphedwa moyenera. A Gordon, a dimba la nambala 15 loyandikana ndi lathu, anasekanso, koma akuyang'ana mnzawo. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Meyi ndi Juni

Kumudzi akukolola, ife tinali tikubzala. Chimanga ndi maungu tinayamba tazifesa m'timakapu ta yogati pawindo la kuchipinda kwanga, chifukwa panja chisanu chinali chisanathe. Kumapeto kwa Meyi tinazinyamula m'makatoni pabasi. Adadi anamanga kachisakasa ka pulasitiki kuti chimanga chizimva kutentha, n'kuika mgolo wabuluu pakona kuti uzilandira madzi a padenga. Mgolowo unali ndi chivindikiro, ndipo anandiuza kuti ndizivindikira nthawi zonse ndikatunga.

Iyi inali miyezi yovuta kwambiri. M'munda munali mobiriwira koma munalibe chodya. Adadi ankapalira atagwada, dzanja limodzi lili kumsana. Mpiru woyamba tinathyola pakati pa Juni, usanakule n'komwe. Amami anauphika ndi tomato mmodzi, ndipo tsiku limenelo sananene kuti adya kale kuntchito.

Anthu a m'madimba ankadabwa ndi mizere ya adadi. Iwo amalima mosalaza, ena m'mabokosi a matabwa. A Gordon anafunsa ngati tikukumba manda. Koma mvula ya Juni itagwa sabata yathunthu, madzi anadikha m'munda mwawo, mwathu ankayenda m'makwawa. Pambuyo pake sanafunsenso.

Julaye

Sukulu itatsekera ndinkapita kudimba tsiku lililonse. Nkhwani unayanga mpaka kumpanda. Lamlungu adadi ankanyamula mitolo kupita nayo kutchalitchi kwathu, ndipo azimayi ankaulimbirana pakhomo mapemphero atatha. Wina ankabweza ndi sopo, wina ndi nkhuku. Chimanga chinamasula ngaiyaye, kenako ndevu. Adadi anachijambula n'kutumiza kumudzi.

Ndiye agologolo anafika. Ankachokera m'mitengo ya m'mbali mwa njanji. Anaboola pulasitiki n'kuyamba kusenda chimanga chikadali mkaka. Komiti inabwereketsa misampha ya waya, yooneka ngati khola lalitali lokhala ndi kachitseko kogwa kokha. Adadi anatengako umodzi n'kusaina kuti aziuona tsiku lililonse ndipo chikagwidwa aziimbira a Archie. Sabata yomweyo kuntchito anawaonjezera mashifiti, ndipo sakanakana. Ntchito ya msampha inagwera ine.

Woyamba ndinamupeza Lachiwiri masana. Ndinaimba foni monga anandiuzira. A Archie anabwera ndi chikwama chachitali, anafunditsa msampha ndi thumba, n'kundiuza kuti ndikatunge madzi kumpopi wa kugeti. Ndinapita, koma ndinamva. Sichinali chiphokoso, kunangoti tha! ngati wina wathyola kamtengo kouma. Nditabwerera anali akupukuta msampha ndi udzu.

"Sanamve kanthu, mwana wanga," anatero. "Ukaona mmene matenda awo amaphera ofiira aja, sungawalirire awa."

Ndinavomera ndi mutu. Madzulo ake sindinadye mpiru wanga, ndinanama kuti m'mimba mukupweteka.

Wachiwiri anagwidwa Lachisanu. Anali wamng'ono. Mphuno yake inali itanyuka chifukwa chogunda waya, ndipo nditayandikira anasiya kulimbana, anangogwira waya ndi timanja take n'kumandiyang'ana, pamtima pakugunda moonekera. Foni inali m'dzanja langa, nambala ya a Archie ili pagalasi. Ndinayang'ana uku ndi uku. M'madimba monse munalibe munthu. Ndinagwada n'kukweza kachitseko.

Sindinganene kuti sindinkadziwa. Lamulo lija ndinachita kulimasulira ndekha m'khutu la adadi.

Ogasiti

Ndinatsegulira ena anayi mwezi umenewo. Nthawi iliyonse ndinkadziuza kuti uyu ndi womaliza. Ndikatero ndinkaikamo mtedza wina wa nyambo n'kutchera bwinobwino, ngati mwana womvera.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti gologolo amene walowapo mumsampha n'kutuluka salowanso. Amaudziwa. Amaulambalala n'kupita ku chimanga. Pofika pakati pa mwezi, theka la chimanga chathu linali zitsononkho zolendewera. Analowanso kwa a Gordon n'kutha mapeyala a pamtengo wawo umodzi umene ankaunyadira.

Loweruka lina adadi anabwera nane. Anayenda m'kachisakasa muja akugwira phesi lililonse. Kenako anagwada pamsampha.

"Palibe wagwidwa sabata ino, Tiya?"

"Palibe, adadi."

"Koma mtedza ukutha."

"Mwina ndi mbewa."

Pakachitseko panali ubweya wotuwa utakodwa muwaya. Ndinauona, nawonso anauona. Anautola ndi zala ziwiri, anauyang'ana, n'kuuika m'thumba la jekete. Sanandiyang'ane.

"Mbewa za kuno n'zazikulu," anatero. "Tiye tikathyole nyemba."

Anthu ena nawonso ankaona. Msampha wa pa 14 unkapezeka wotokosedwa, pansi pake pali ndowe, koma a Archie sankaimbiridwa. Mawu anayamba kuyenda kuchokera dimba ili kupita dimba ilo. Tsiku lina tikutseka geti, a Gordon anafuulira adadi ali pa wilibala yawo.

"Laston! Nanga ndiwo zija zikukoma? Mumathira anyezi kapena mumangootcha?"

Adadi anaseka nawo, n'kuwakwezera dzanja. Tili pamalo okwerera basi kuseka kuja kunali kutachoka pankhope pawo. Ine ndinali ndi mawu pakamwa, koma basi inabwera.

Sepitembala

Tinakolola zimene zinatsala. Mbatata ya kachewere matumba atatu, nyemba ndowa imodzi, maungu asanu ndi awiri amene tinawaika pansi pa bedi. Chimanga chabwino chinapezeka khumi ndi chimodzi basi, pa mapesi onse aja. Adadi anaotcha chiwiri mu uvuni, chinacho anapachika kuti chikhale mbewu. M'filiji munadzaza nkhwani wofutsa. Lachinayi lina amami sanapite ku holo ija, ndipo tonse tinaona.

Sukulu inali itatsegulira, ndiye kudimba ndinkapita ndikaweruka, mothamanga. Lachitatu lina ndinapeza wina mumsampha, wachisanu ndi chimodzi mwa amene ndinawatsegulira. Ndinamutsegulira, ndinatunga madzi mumgolo n'kuthirira mpiru, mvula inayamba kuwaza, ndinathamangira basi. Chivindikiro ndinachisiya pansi.

M'mawa mwake a Gordon anapeza gologolo atayandama mumgolo wathu. Sindikudziwa ngati anali yemweyo. Mwina anabwera kudzamwa n'kuterereka, mgolo wa pulasitiki ulibe pogwira. A Gordon anamujambula, msampha uli chapafupi pomwepo, n'kutumiza chithunzicho pagulu la pafoni la alimi onse. Pansi pake analemba kuti tsopano tadziwa mmene amawaphera.

Adadi anachiona ali kuntchito. Atafika kunyumba anakhala pampando osavula nsapato.

"Anthu awa akuti chiyani?" anafunsa amami. "Inu mungamize nyama? Inu amene nkhuku yomwe mumandipatsa ine kuti ndizinge?"

"Zisiyeni, amake Tiya."

"Ndizisiye bwanji? Auzeni kuti kumsamphako simupitako n'komwe!"

"Ndati zisiyeni."

Ine ndinali pasinki ndikutsuka mbale. Ndinatsegula mpopi kwambiri.

Okutobala

Kalata ya komiti inatiitana Loweruka m'mawa. Masamba anali atayoyoka, m'madimba anthu akufunditsa nthaka ndi mapulasitiki akuda. M'kanyumba muja munali anthu asanu ndi atatu ndi ketulo. Adadi anavala jekete ya kutchalitchi. Anandiuza kuti nditsale kunyumba, koma ndinati ndikakuthandizani kumva. Ndinkaganiza kuti ndikafika kumeneko ndilankhula. Ndinali nditakonza mawu ake m'bafa.

Mayi Moira analankhula mofatsa. Anati palibe akufuna kuchititsa munthu manyazi. Anati msampha wa pa 14 wakhala ukugwira, zizindikiro zilipo, koma a Archie anaimbiridwa kamodzi kokha. Ndiye pali njira ziwiri. Kaya agologolowo amamizidwa, kaya amatulutsidwa, ndipo zonse ziwiri ndi zolakwira lamulo.

"Tiuzeni, Laston. Chimachitika n'chiyani?"

"Anatiuza yekha mu Epulo," anatero a Gordon. "Tonse tinamva."

"Gordon, khala chete," anatero a Archie. "Nthabwala si umboni." Kenako anatembenukira kwa adadi. "Ndani amauona msamphawo tsiku ndi tsiku? Ndiwe wekha?"

Apa ndiye panali pamalo panga. Ndinatsegula pakamwa. M'kalasi sindinakwezepo dzanja chifikireni kuno, ngakhale yankho ndikulidziwa, ndipo tsiku limenelo lilime linachita chimodzimodzi. Adadi anaika dzanja pabondo langa, pansi pa tebulo, n'kukanikiza.

"Amene anasaina ndine," anatero. "Msampha unali m'manja mwanga. Sindinamize nyama iliyonse, koma zina sindingathe kufotokoza."

Mayi Moira anadikira. Pamapeto pake mayiwo anati komiti singasiye nkhani yotere, chithunzi chaonedwa ndi anthu ambiri. Adadi akabweza kiyi mwa okha, nkhaniyo ithera m'kanyumba momwemo. Akakana, komiti iyenera kuitana oona za nkhanza kwa nyama kuti adzafufuze. Mapepala athu okhalira m'dziko muno si okhazikika, ndipo chilichonse chokhala ndi fungo la mlandu adadi amachiopa kuposa njala.

Anavula chingwe chija m'khosi. Mfundo inavuta kumasula, ndiye anapereka kiyi ndi chingwe chomwe. Anathokoza aliyense pogwirana chanza, ndi a Gordon omwe.

Pabasi tinakhala pamwamba, kutsogolo. Ndinkadikira kuti andifunse, kapena andikalipire, chilichonse. Titadutsa pa mlatho wa njanji anatulutsa nthochi m'thumba.

"Sunadye m'mawa," anatero. "Idya, mami."

Ndinadya. Mpaka lero sindikumvetsa kuti ndinameza bwanji.

Novembala mpaka Januwale

Komiti inatipatsa masabata awiri kuti tichotse zathu. Kachisakasa tinagwetsa, mgolo adadi anausiya. Mbatata inatifikitsa ku Khirisimasi, dzungu lomaliza tinadya pa Nyuwere. Mu Januwale amami anayambanso kupita ku holo ija Lachinayi.

Nkhani inafika kutchalitchi kwathu, sindikudziwa kuti inadzera kuti. Bambo wina pa tiyi anati, "Achimwene, mwatichititsa manyazi Amalawi tonse. Mukafuna nyama muzinena, tisonkhe." Anthu anaseka, adadi anasekanso. Azimayi amene ankalimbirana nkhwani anayamba kufunsa amami motsitsa mawu ngati zinthu zili bwino kunyumba. Adadi anasiya kutsalira pa tiyi. Masiku amene alibe shifiti amakhala pawindo n'kumaonera mvula. Msana unayambanso kuwawa, ndipo adokotala akuti ndi chifukwa chongokhala.

Ine ankandichitira zonse monga kale. Kundisainira za kusukulu, kundisungira mkute, kundifunsa za masamu. Akanandikwiyira mwina zikanapepuka.

Febuluwale

Lachiwiri lapitali ndinakumana ndi a Archie pamalo okwerera basi pafupi ndi siteshoni. Ndinafuna kubisala kuseri kwa anthu, koma anandiona.

"Mwana wa Laston! Ali bwanji mkulu wa mizere?"

"Ali bwino."

"Mizere yake ikadalipo. Ndinaifunditsa kuti udzu usamere. Loweruka likubwerali komiti ikugawa madimba opanda eni, teni koloko. 14 ali pamndandanda." Anasiya kaye, akufunafuna khadi lawo la basi m'matumba. "Ndatchera misampha kuyambira ndili wamng'ono kuposa iwe. Munthu womiza gologolo amamiza ndi msampha womwe, satulutsa nyama yoluma ndi manja kuti akaiponye mumgolo. Msampha uja unali wouma. Ndinawauza, koma mwini wake atakhala chete, ine ndinganene chiyani?"

Anandiyang'ana, osati mokalipa.

"Moira analera ana aakazi atatu," anatero. "Sanaperekepo mwana kupolisi chifukwa cha mtima wofewa. Koma sangakonze chimene sanauzidwe."

Basi yawo inafika, anakwera.

Masiku atatu onsewa ndakhala ndikudziuza zifukwa. Kuti adadi anasankha okha, ndipo ndikalankhula ndiye kuti ndataya chimene anandigulira ndi dimba lawo. Kuti mwina a Archie akulakwitsa, nkhani ikhoza kukula n'kufika kumene adadi amaopa. Kuti mwina dimbalo sangabweze ngakhale nditanena. Zonsezi zikhoza kukhala zoona. Koma kukhitchini kuno kuli munthu akusankha mbewu zopanda kokabzala, ndipo kumadimba ndi kutchalitchi akudziwika ngati womiza nyama, pamene wotsegula kachitseko ndi wosiya mgolo pululu ndine.

Ndalemba mawu ake m'Chingerezi papepala, ziganizo zisanu zokha, kuti lilime likakana ndingowerenga. Ndalembamo kuti anali asanu ndi mmodzi, kuti lamulo ndinkalidziwa, ndi kuti adadi sanauzidwe. Ndalembamonso kuti akatibwezera dimba msampha ndisadzaugwirenso, koma ntchito ina iliyonse ya m'madimba ndidzagwira, ngakhale yotsuka chimbudzi cha kugeti.

Sindipita mozemba. Mawa ndidzuka iwo asanadzuke, ndiwaphikire tiyi, ndikhale pansi pafupi ndi mpando wawo ndi kuwauza ndi pakamwa panga, m'Chichewa, amami ali pomwepo. Akandiletsa ndiwapempha kachiwiri. Kenako ndivala jekete, nditenge pepala langa, ndikwere basi ya hafu naini, ndipo ndikagogode pa kanyumba ka komiti asanafike pa nambala 14 pamndandanda wawo.